Makina akaima si kuti afa: loko wanu, kiyi m'thumba mwanu

Ntchito zomwe Amalawi ambiri amayambira ku Joni ndi zoyandikana ndi makina: kutsuka chokandira ufa ku bekale, kuumba mabuloko a simenti, kutola zinyalala pa lamba wa m'fakitale, kuthandiza pa macheka a matabwa, kapena kuyenda ndi thirakitala pa famu ku Limpopo. Kawirikawiri zala ndi mikono sizidukira pa makina omwe akuyenda bwinobwino, chifukwa pamenepo aliyense amawaopa. Zimaduka makina ataima, chinachake chitakodwa m'kati, munthu n'kupisa dzanja kuti achichotse msanga kapitawo asanakalipe.

Batani lofiira loimitsira makina mwadzidzidzi musalidalire. Limangodula waya wolamula makina, koma magetsi enieni, ma volti 400 pa makina akuluakulu, amakhala akudikira m'bokosi. Mnzanu yemwe sakukuonani akhoza kulikoka n'kuyatsa. Makina ena amadzuka okha sensa ikaona kuti njira yatseguka, ndipo woitsegulayo ndinu. Kuthima kwa magetsi a Eskom nakonso kumapusitsa anthu. Fakitale imakhala zii, munthu n'kuona ngati mpata wotsuka wapezeka. Jenereta zambiri zimalira zokha pakangopita masekondi ochepa, ndipo makina akale okhala ndi swichi wamba amayambiranso pomwepo magetsi akabwera.

Njira yodalirika ndi imodzi, yomwe kumeneko mudzaimva ikutchedwa lockout. Uzani kapitawo ndi onse ogwira pa makinawo kuti mukuwaimitsa. Azimitseni monga mwa masiku onse, kenako pitani pa swichi yaikulu yodula magetsi, isolator, yomwe nthawi zambiri imakhala yofiira pa bokosi lachikasu. Ipotozeni ifike pa 0. Chogwirira chake chili ndi kabowo, ndipo m'kabowomo ndimo mumalowa loko wanu. Pa lokoyo mangirirani kakhadi kolembedwa dzina lanu, tsiku ndi nambala ya foni. Kiyi akhale m'thumba mwanu, osati pa msomali, osati kwa kapitawo, ndipo pasakhale kiyi wina wotsegula loko yemweyo. Mukakhala anthu atatu, pamafunika maloko atatu. Pali kachitsulo kokhala ndi mabowo 6 komwe kamakolekedwa pa swichi kuti aliyense aikepo wake, ndipo swichi singatseguke mpaka womaliza atachotsa. Tepi, waya kapena pepala lolembedwa "musayatse" si loko.

Mukakhoma, yesani. Onetsetsani kuti palibe munthu pafupi, dinani batani loyatsira, mudikire. Apa ndi pomwe zimadziwika kuti mwakhoma swichi ya makina oyandikana nawo, kapena kuti makinawa amalandira magetsi kuchokera mbali ziwiri. Ngati ntchito ndi yogwira mawaya, imeneyo ndi ya amisiri a zamagetsi: iwo amayesa tesitala pa malo omwe pali moto, kenako pa mawayawo, n'kubwereranso pa malo oyamba kuti atsimikize kuti tesitala sinafe pakati.

Gawo lomwe anthu amalumpha kwambiri ndi la mphamvu yotsalira. Magetsi mwadula, inde, koma m'mapaipi a mpweya mukhoza kutsala ma bar 6 kapena 7 (bar ndi muyeso wa mphamvu yomwe mpweya kapena mafuta akukankhira), okwanira kukankha silinda n'kuphwanya dzanja. Tsekani valavu, ikhomeninso loko, tulutsani mpweya mpaka muvi wa geji utagona pa 0. Mafuta a hydraulic, omwe amakankha ndi kunyamulira zigawo za makina, ndi oopsa kuposa apa, chifukwa amafika ma bar 200 ndi kupitirira, ndipo makina ena ali ndi thanki yosunga mphamvu ngakhale pampu itazima. Paipi ikamadontha, musafufuze bowo ndi chala, gwiritsani katoni. Mafuta otuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu ngati jakisoni. Bala limaoneka ngati la minga, koma m'kati mnofu umayamba kufa, choncho pitani kuchipatala ola lomwelo mukanene kuti ndi mafuta a makina.

Chilichonse chomwe chili m'mwamba chimafuna kutsika: bodi ya tipa, mafoloko a forklift, mutu wa makina osindikiza mabuloko. Chitsitseni pansi, kapena chichirikizeni ndi chitsulo chomwe anapangira ntchitoyo, osati thabwa lotola kapena njerwa. Jeke yokha si mchirikizo. Macheka ozungulira ndi mawilo olemera amapitiriza kuzungulira mota itazima, ndipo akamatha amayenda mwakachetechete. Dikirani muone ndi maso kuti aima. Mabokosi osinthira liwiro la mota amasunga magetsi kwa mphindi zingapo atazimitsidwa, ndipo nthawi yodikira imalembedwa pa chivundikiro. Mapaipi a nthunzi ndi uvuni wa buledi adikireni azizire.

A pa famu, chenjerani ndi shafiti ya kumbuyo kwa thirakitala, ya PTO. Imazungulira ka 540 pa mphindi, kutanthauza ka 9 pa sekondi imodzi. Ikagwira chingwe cha juzi kapena mkono wa ovolosi, palibe nthawi yokuwa. Yemwe anaonapo lamba wa pachigayo akukoka thumba akudziwa liwiro lomwe tikunena. Chotsani PTO, zimitsani injini, zulani kiyi, ndiye mutsike. Chophimba cha pulasitiki chikasweka, nenani. Magolovesi amateteza ku zinthu zakuthwa, koma pa dirilo, lathe ndi marola ndiwo amakokera dzanja m'kati. Amayi, tsitsi, duku ndi chitenje zimangidwe kapena zilowe m'kati mwa zovala za ntchito.

Pobwezeretsa, werengani zida, bwezerani zophimba zonse ndi mabawuti ake, werengani anthu, kenako aliyense achotse loko wake ndi dzanja lake. Shifiti ikamasintha ntchito isanathe, wolowa aike loko wake wotuluka asanachotse. Mukapeza swichi ya pa chitseko cha makina yamangidwa ndi waya kuti makina aziyenda chitseko chili pululu, dziwani kuti wina anasankha liwiro m'malo mwa manja anu.

Tikudziwa chomwe chimatseka pakamwa: mantha a ntchito ndi mapepala, komanso chizolowezi chathu chovomera "yes boss" tisanamve bwino Chizulu kapena Chiafrikaans cha kapitawo. Funsani akuonetseni ndi dzanja swichi yake. Ku South Africa, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limalamula olemba ntchito kukuphunzitsani za kuopsa kwa makina, limaletsa kukudulani malipiro chifukwa cha zovala zodzitetezera, ndiponso limaletsa kukuzunzani chifukwa chokanena ku Department of Employment and Labour. Pomwe pali antchito oposa 20 payenera kukhala woimira antchito pa zachitetezo. M'migodi, gawo 23 la Mine Health and Safety Act la 1996 limakupatsani ufulu wochoka pamalo oopsa. Ku Britain nkhanizi amayang'anira ndi a HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, ndipo malamulo a zida zogwirira ntchito a 1998, otchedwa PUWER, amafuna kuti makina akhale ndi njira yodulira mphamvu zake zonse.

Ngozi ikachitika, yambani mwadula mphamvu. Munthu wogwidwa ndi magetsi musamukhudze swichi isanazime. Imbani 112 pa foni ya m'manja ku South Africa, kapena 999 ku Britain. Chala chikaduka, panikizani bala ndi nsalu yoyera, chalacho muchikulunge m'nsalu yonyowa pang'ono, muchiike m'jumbo yomanga bwino, jumboyo m'madzi a ayezi, chisakhudzane ndi ayeziyo. Kuchipatala nenani kuti mwavulala pa ntchito, kuti dokotala alembe lipoti la Compensation Fund, thumba la boma la South Africa lolipira ovulala pa ntchito. Pansi pa lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, la COIDA, abwana ayenera kukanena za ngoziyo pasanathe masiku 7, pa fomu ya W.Cl.2. Jambulani fomuyo ndi foni, lembani mayina a omwe anaona, ndipo musasayine pepala lomwe simunalimve, ngakhale litabwera ndi ndalama m'envulopu.