Kageni kanu kunja kuno: dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake ka ndalama

Mchemwali wina amene amaluka tsitsi kuno ku UK anabwera kwathu mu January atanyamula jumbo, akuti achimwene tandithandizeni za msonkhozi tsiku latsala pang'ono. Kukhuthula jumbo ija patebulo, munali kakope ka ana asukulu, malisiti atatu ofufutika ndi ma bank statement. M'kakopemo analemba ngati mmene timalembera pa okala kumudzi, "mayi a mapasa 40, atsala 20", opanda deti, opanda dzina lenileni. Ndiye akaunti yake imodzi yomweyo ndi imene kumalowa malipiro a ku care home, ndalama zoluka, za chipereganyu cha anthu teni komanso chipepeso cha maliro a ku Ntcheu chimene anthu anasonkha kudzera mwa iye. Tinakhala mpaka 1 koloko usiku kusiyanitsa kuti iyi ndi yako, iyi ndi ya eni ake.

Sindikumuseka ayi, kwathu geni imayenda pa kudziwana, ngongole mboni yake ndi nkhope, ndipo munthu ukamuuza kuti tasainirana apa amaona ngati wamutenga wakuba. Koma mayiko enawa nawonso ali ndi chikhalidwe chawo pa ndalama, ndipo malamulo awo a mabuku anachokera mmenemo, ndiye ukadziwa mtima wa eni dziko sudabwa ndi mafomu awo.

Angelezi khalidwe lawo ndi lokusiya udzinenere wekha. HMRC, bungwe lawo la msonkho, sikufunsa malisiti pamene ukutumiza fomu ya msonkho ya Self Assessment, umangolemba manambala basi, zimaoneka zophweka mpaka tsiku limene adzakulembere kalata yaulemu kwambiri yofuna umboni wa zaka zapitazo. Chaka chawo cha msonkho chimayamba pa 6 April kutha pa 5 April, deti yachilendo imene inabwera chifukwa chosintha kalendala mu 1752 ndipo anangoisiya choncho, anthu ake ndi otero, sataya zakale. Ngati kageni kanu kalowetsa ndalama zoposa £1,000 pa chaka, tikunena zonse zolowa osati phindu lokha, mulembetse pasanafike pa 5 October chakacho chikatha, fomu ya pa intaneti itumizidwe pofika 31 January. Kuchedwa ndi £100 pompo, olo mulibe msonkho woti mulipire. Mapepala sungani zaka 5 kuchokera pa January ameneyo.

China chimene ambiri sadziwa, mukatsegula limited company, zambiri zanu zimakhala poyera pa Companies House, kaundula wa boma wa makampani, aliyense amaona ulele, ngakhale alamu anu ali ku Area 25 pa foni. Mukaika adilesi ya nyumba yanu ngati ya kampani, nayonso ili pomwepo. Ganizani kaye.

Ku Germany ndiye nkhani ina. Kumeneko makampani kuyambira kale amadalira kwambiri ngongole za ku banki, ndiye malamulo awo a mabuku, a mu buku la malamulo a malonda la HGB, amateteza wobwereketsa: phindu usalilembe lisanafike m'manja, koma ukangonunkhiza kuluza lemberatu. Anthu osamala mopitirira, ndipo pepala amalilemekeza ngati munthu wamkulu. Kuyambira 2020 wogulitsa amene ali ndi makina a pakauntala amayenera kupereka lisiti pa chilichonse, olo bani imodzi. Kalata ya ku Finanzamt, ofesi yawo ya msonkho, musamaiike pansi pa matilesi kudikira mnzanu wodziwa Chijeremani adzabwere mwezi wamawa, imakhala ndi tsiku lomaliza kuyankha. Ndipo ichi chimagwira Amalawi ambiri poti ndife anthu opemphera: polembetsa komwe mukukhala amafunsa mpingo, mukati Katolika kapena mpingo wawo waukulu wa Chipulotesitanti, boma limakudulani msonkho wa tchalitchi, 8 kapena 9 peresenti ya msonkho wanu wa pamalipiro kutengera dera. Sindikuti mukane mpingo wanu, ndikuti mudziwe kuti chopereka kumeneko chimachoka pa payslip. Komanso samalani kalembedwe, 1.500,00 kwa iwo ndi wani sauzande faifi handiredi, dontho ndi comma anazitembenuza.

Amereka ndi dziko la maloya, chilichonse chimafuna lamulo lolembedwa mpaka pansi, nchifukwa chake sanatengere IFRS, malamulo a mabuku a mayiko ambiri amene timagwiritsa ntchito kwathu, ali ndi US GAAP yawo yodzaza timalamulo, ndipo kampani yaikulu ya Enron itagwa mu 2001 anawonjezeranso lamulo la Sarbanes-Oxley mu 2002. Kwa inu ndi ine chofunika ndi 15 April, tsiku lomaliza kutumiza fomu ya msonkho ku IRS, bungwe lawo la msonkho, ndi fomu ya FBAR: ngati maakaunti anu a kunja kwa Amereka, kuphatikizapo aja munasiya ku Lilongwe omangira nyumba, onse pamodzi anapitirirako $10,000 tsiku lina lililonse m'chakacho, muyenera kunena. Deti amayamba ndi mwezi, 04/05 ndi April 5.

A ku Joni inu zanu zili pakatikati. SARS, bungwe la msonkho la kumeneko, siseka, chaka chake chimayamba pa 1 March kutha kumapeto a February, mapepala zaka 5, ndipo mabanki ndi mabwana amatumiza okha manambala anu kumeneko. Koma dziko lomwelo limadziwa kuti anthu amasonkherana, stokvel, chipereganyu chawo, ndi chinthu chodziwika moti mabanki akuluakulu ali ndi maakaunti a magulu oterewa okhala ndi osainira angapo. Ndiye chipereganyu chanu bwanji chizikhalabe mu akaunti ya munthu mmodzi kapena m'chitini ku Diepsloot? Olo malipoti a King, oongolera kayendetsedwe ka makampani kumeneko amene anayamba mu 1994, atsopano ake amatchula ubuntu, umunthu wathu womwewu.

Amene munaphunzira za akaunti kwathu, kaya ICAM kaya ACCA, debit ndi credit ndi yomweyo kulikonse musaope, IFRS ikuthandizani ku Joni ndi m'makampani akuluakulu a ku Ulaya. Koma tikampani ting'onoting'ono ta ku UK timayendera malamulo a FRS 102 kapena FRS 105, ku Amereka amafuna laisensi ya akaunti ya CPA imene imaperekedwa ndi state iliyonse payokha, ndipo msonkho muyambiranso pa sitandade wani, za MRA zisiyeni pa Chileka.

Mchemwali uja tinagwirizana zinthu zochepa. Anatsegula akaunti ina ya zoluka zokha, lisiti la mesh ndi mafuta amalijambula pa foni asanatuluke mu shopu poti inki yake imafufutika, kasitomala aliyense amalembedwa dzina, deti ndi ndalama, ndipo pa £10 iliyonse amapatula £2 kudikira January. Za chipereganyu gulu linalemba pepala la mayina, ndalama ndi mwezi wa aliyense, onse anasaina kuti banki ikadzafunsa kuti £2,000 iyi yachokera kuti pakhale chowonetsa. Amayi awiri anakwiya nalo pepalalo, akuti mwayamba liti kutikayikira, mmodzi mpaka anatuluka pa gulu la WhatsApp. Anabwerera patatha sabata, mwezi wake wolandira unali March.