Mukafika ku Bayeux, yendani wapansi

Alendo ambiri opita ku Normandie, chigawo cha kumpoto kwa France, amangogona m'tauni ya Bayeux, kukacha n'kukwera basi yopita kugombe la Omaha, limodzi mwa magombe amene asilikali odzamasula France anakochezapo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ine ndikuti patulani tsiku lathunthu la m'tauni momwemo, muvale nsapato zofewa.

Sitima yochokera ku Paris Saint-Lazare imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Mukatsika musathamangire kutchalitchi chachikulu chomwe nsanja zake zikuonekera patalizo. Taonani kaye msewu waukulu umene mukumane nawo mukangotuluka pasiteshoni. Eni tauni amautchula kuti By-pass mpaka lero. Anaulambula asilikali a Britain mu 1944, chifukwa akasinja ndi malole awo sankakwana m'timisewu topanikizana ta m'kati. Magalimoto amangodutsapo ngati msewu wamba, koma nkhondo ndi imene inaubala.

Utsateni cha kumadzulo mpaka pomwe dzina lake lasintha kukhala Boulevard Fabian Ware. Bambo ameneyu ndi amene anayambitsa bungwe losamala manda a asilikali a Commonwealth, ndipo mandawo ali pomwepo. Pagona anthu oposa 4,600. Apa ndi pamene muyenera kuchedwa. Pakhomo pali kabokosi kosungamo buku la mayina, tsegulani, n'kololedwa. Kenako sankhani mzere umodzi, muuyende pang'onopang'ono. Werengani zaka: 19, 20, 22. Muwerame muone mawu a m'munsi mwa mwala, amene anasankha ndi achibale. Ine ndinafika pamwala wachisanu ndi chimodzi, miyendo inalemera, ndinakhala pansi pa udzu. Musatuluke musanapite kumene kwagona Ajeremani oposa 460. Miyala yawo ndi yosemedwa mosiyana, koma udzu amautchetcha mofanana.

Tsidya la msewu kuli chipilala cha mayina oposa 1,800 a omwe manda awo sadziwika. Pamwamba pake analembapo m'Chilatini kuti iwo amene anagonjetsedwa ndi William anamasula dziko la kwawo kwa wowagonjetsayo. Akunena za 1066, pamene William wa ku Normandie analanda England. Chapafupi pomwepo pali kanjira ka miyala yoyera yolembedwa mayina a atolankhani ophedwa pa ntchito kuyambira 1944.

Tsopano lowani m'tauni. Nyumba zakalezo ndi zenizeni, sizomangidwanso ayi. Bayeux inamasulidwa m'manja mwa Ajeremani pa 7 June 1944, tsiku limodzi asilikali atakocheza, ndipo mabomba amene anaphwasula mizinda ya Caen ndi Saint-Lô anaiphonya. Pa Place Charles de Gaulle funani chipilala chokumbukira 14 June 1944, tsiku limene de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa okana ulamuliro wa Ajeremani, analankhula kwa khamu la anthu pamalopo, patatha zaka zinayi ali kunja kwa dziko lake. Ndinapeza ana akuthamangitsana pansi pa mitengo, gogo wina atakhala pabenchi ndi buledi wautali m'manja. Ndinawerenga cholembedwacho kawiri, kenako ndinakhala pabenchi yoyandikana nayo mpaka belu la tchalitchi litalira.