Mukamaonetsa drag racing musatidulire masekondi athu aja

Inu amene mumadula mavidiyo kapena muli ndi video show ku Chibavi ndi ku Luwinga, tamvani. Drag racing ndi mpikisano wa galimoto zothamanga pa kamtunda kafupi koongoka. Mpikisano wa Top Fuel (gulu la galimoto zaliwiro kwambiri) wa bungwe la NHRA ku America sukwana ndi masekondi 4 omwe, mtunda wake ndi mamita 305 basi kuyambira 2008, kale unali 402, ndiye mukaudula pakati kapena kuikapo nyimbo mwapha zonse.

Yambani ndi burnout, dalaivala akutenthetsa matayala utsi uli tolotolo kuti agwire msewu bwino. Kenako kamera isachoke pa magetsi oyambira aja amati Christmas tree, nkhani yonse ili pamenepo. Wonyamuka lobiriwira lisanayake amayatsa lofiira, watuluka pompo, ndipo wina amathamanga bwino zedi koma nkuluza chifukwa anachedwa kunyamuka, choncho reaction time, nthawi imene watenga kuti anyamuke lobiriwira litayaka, izioneka pa sikirini pamodzi ndi nthawi ndi sipidi, imene imapitirira makilomita 500 pa ola.

Phokoso la injini lisiyeni momwe lilili, wolengeza akhale kaye chete. Replay ibwere galimoto zitadutsa kale mzere. Mukapeza mpata tionetseninso amakaniko akumasula injini yonse asanalowe round ina, zimenezo ife timazikonda koopsa.