Momwe mungadzutsire Rolls-Royce 20/25 ya m'ma 1930 yomwe yagona zaka

Munthu akaona galimoto yakale itakhala pa njerwa, matayala ophwa, nkhuku zikuikira pa mpando wa kumbuyo, chimene amayamba kuganiza ndi penti. Pa Rolls-Royce 20/25 penti imabwera kumapeto kwenikweni, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake mudziwe kaye mmene galimotoyi inkabadwira.

Kuyambira 1929 mpaka 1936 fakitale ya Rolls-Royce ku Derby, England, inatulutsa 20/25 zokwana 3,827, koma sinkapanga galimoto yathunthu ayi. Iyo inkagulitsa chasisi, injini ya masilinda 6 ya malita 3.7, giyabokosi ndi redieta yotchuka ija basi. Bwana akagula ankaitumiza kwa opanga bodi ngati Park Ward, H. J. Mulliner, Thrupp & Maberly, Hooper kapena Barker (awiri omalizawa anayamba ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo) ndiye iwo amamanga chimango cha matabwa a mtengo wa ash n'kuchiveka aluminiyamu yosula pamanja. Nchifukwa chake kupeza ziwiri zofanana ndendende n'kovuta, ndipo chitseko cha ina sichingalowe pa inzake. Ntchitoyi ndi ya makanika ndi kalipentala pamodzi.

Choyamba, sipanala isiyeni pansi, yambani ndi mapepala. Pezani nambala ya chasisi ndi ya injini, mulembere a Rolls-Royce Enthusiasts' Club, kalabu ya okonda galimotozi ku England, omwe amasunga makadi akale a ku fakitale. Khadilo limanena anaigula ndani komanso anamanga bodi ndi ndani. Izi n'zofunika chifukwa zambiri zinasinthidwa bodi m'kupita kwa zaka, zina zinasanduka galimoto zonyamula maliro, ndiye mutha kuthira ndalama pa bodi yomwe si yake osadziwa.

Kenako jambulani chilichonse musanamasule, bawuti iliyonse ilowe m'kathumba kake kolembedwa. Ndipo masipanala anu a 13 ndi 17 aja pano sagwira, mabawuti ake ndi a miyezo yakale ya ku Britain yotchedwa BSF ndi BA, mukakakamiza mungolalitsa mitu ya mabawuti omwe simuwapeza pa shopu.

Tsono tifike pa matabwa, pomwe pamathera ndalama ndi mtima. Tsegulani chitseko, muchigwire kunsonga n'kuchinyamula pang'ono. Chikagwedera kapena chikamakhula pansi potseka, musanamizire mahinjesi, nthawi zambiri ndi thabwa lomwe mahinjesiwo anamangidwapo lawola. Tengani sikuludiraiva mubaye matabwa a m'munsi mwa zitseko, kuseri kwa madigadi a kumbuyo ndi m'mbali mwa denga momwe madzi amadontha, ikalowa ngati mu mbatata yophika dziwani kuti palibe thabwa pamenepo. Timabowo ting'onoting'ono ndi kaufa kogwa pansi ndiye kuti lafumbwa. Cholakwa chachikulu ndi kuphwasula chimango chonse tsiku limodzi chifukwa mwapsa nacho mtima, mukatero mwataya muyezo wonse ndipo palibe pulani yomwe mungakagule yoti ikubwezereni mawonekedwe aja. Muzisintha thabwa limodzi pa nthawi imodzi, bodi ili pa chasisi yake yowongoka, zitseko zili m'malo: chotsani thabwa limodzi, ngakhale lili zidutswazidutswa lisungeni likhale chitsanzo, semani latsopano la ash wouma bwino, lilowetseni, muone ngati chitseko chikutsekabe bwino, ndiye mupite kwina. Thabwa lakale lomwe likadali lolimba lisiyeni, ena mwa iwo mupeza ali ndi nambala ya bodi yomwe amisiri aja anadinda, imeneyo ndi mbiri yoti simungaigule.

Aluminiyamu ija anaipinda m'mphepete n'kuikhomera pa thabwa ndi timisomali, ndiye poivula pitani mwaulemu, chitsulo cha zaka 90 chimauma ndipo chimang'aluka mukachipinda kawiri, muyambe mwachifewetsa ndi moto pang'ono. Pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo wamba pali chinyontho mupeza yadyeka kusanduka ufa woyera, pamenepo dulani muwotcherere chigamba chatsopano. Zomata fila wokhuthala ngati chikondamoyo zija ayi, bodi ya matabwa imasuntha poyenda ndipo filayo adzang'ambika musanathe chaka.

Injini yomwe yagona musailize kuti "tingomva kulira kwake". Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'masilinda, idikireni masiku, muizungulitse ndi dzanja. Tsitsani sampu muchotse matope a oyilo wakale, mutsukenso njira za oyilo za mkati mwa crankshaft chifukwa zimatsekeka. Mabering'i ake ndi a white metal, chitsulo chofewa chochita kusungunula n'kuthira kenako n'kupala kuti chikwane, ndiye apa mufunika katswiri wake osati wongoyesera. Njira za madzi nazo zimadzala dzimbiri ndi matope, injini n'kumatentha, ndipo hedi ikang'aluka mulira. Mafuta amakwera kuchoka mu thanki ndi kachipangizo kotchedwa Autovac kogwiritsa ntchito mpweya womwe injini ikukoka, kakonzeni bwino m'malo mothamangira pampu ya magetsi.

Pali chinthu china chimene amakanika ambiri amachiwononga ndi mtima wabwino. Zambiri mwa galimotozi zili ndi kathanki ka oyilo ka Bijur, mukaponda kapedulo kake oyilo amayenda m'timapaipi kukafika m'malo osiyanasiyana a chasisi. Wina akaona pouma amapopera girisi, timapaipi tonse n'kutsekeka. Masulani, tsukani kamodzikamodzi, mubwezere oyilo.

Mawaya onse a magetsi sinthani, nsalu yomwe anawakutira inafumbutuka kalekale ndipo moto m'galimoto ya matabwa si nkhani yoseka.

Za mkati, onani zomwe khadi ndi zotsalira zikukuuzani. Pa ma limousine dalaivala ankakhalira chikopa kutsogolo pomwe bwana kumbuyo ankakhalira nsalu ya ubweya, nthawi imeneyo nsaluyo ndiyo inali ya ulemu, ndiye musaveke chikopa paliponse poganiza kuti mukuikweza. Chikopa chakale ngati sichinang'ambike chitsukeni muchidyetse mafuta ake, ine ndimachikonda ndi makwinya ake omwewo kuposa chatsopano chonyezimira ngati sofa ya m'shopu. Penti ndiye ibwere pano, mtundu womwe inatuluka nawo ngati mwaupeza.

Tsiku loyamba kuyenda nayo sankhani msewu wopanda anthu. Giya ili kudzanja lamanja pafupi ndi chitseko, imakola thalauza polowa, ndipo za chaka cha 1932 chisanafike zilibe synchromesh (kachipangizo kothandiza kuti giya ilowe mosakukuta) ndiye muziponda kilatchi kawiri posintha. Mabuleki ake amathandizidwa ndi servo (kachipangizo kowonjezera mphamvu ya phazi lanu) yoyendetsedwa ndi giyabokosi, kutanthauza kuti pa liwiro la kamba galimoto imayamba yasuntha pang'ono asanagwire bwino, choncho poibweza mu galaja siyani mpata pakati pa iyo ndi khoma. Yendani makilomita ochepa, imani, gwirani mawilo onse anayi ngati pali lina latentha, muyang'ane pansi ngati pakudontha, kenako mutsegule ndi kutseka zitseko zonse muone ngati zikumvekabe monga zinkamvekera mu galaja.