Momwe mudzi ungakanire ntchito yomanga yoopseza nkhalango ya phiri la Mulanje

Mukamva kuti munthu wachuma akufuna malo m'tsinde mwa phiri kuti amangepo hotela yokhala ndi nyumba ya juga, musadikire kuona malole a mchenga akulowa, chifukwa pofika nthawi imeneyo mapepala amakhala atasainidwa kale. Nthawi yokana ndi pamene nkhani ikadali m'maofesi.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa malowo. Nkhalango ya phiri la Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira 1927, ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango, ndipo palibe mfumu imene ingaipereke kwa munthu. Ngati malowo ali kunja kwa malire ake ndipo ndi a makolo, mawu a nyakwawa, gulupu ndi mfumu yaikulu amalemera, choncho pitani kwa iwo mwaulemu iwo asanalonjeze kanthu, ndipo pemphani kuti nkhaniyi ikambidwe pabwalo, osati m'chipinda cha anthu atatu.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zazikulu ziyambe zaunikidwa momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndilo limavomereza kapena kukana lipoti la kuunikako. Apa ndi pamene mudzi uli ndi mphamvu zenizeni, koma ndi pamenenso midzi yambiri imagonjera mosadziwa. Ounika akabwera kudzamva maganizo, fikani mwaunyinji, amayi otunga madzi ndi otola nkhuni asatsale, ndipo sankhani mlembi wanuwanu woti alembe funso lililonse ndi yankho lake. Musasaine pepala musanawerenge mutu wake, pakuti ndandanda wa anthu amene anafika pamsonkhano ukhoza kudzaonetsedwa ngati umboni woti munavomera. Lembani kalata kwa bwanamkubwa wa boma yopempha lipotilo; lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito kuyambira 2020. Sungani kope lodindidwa la kalata iliyonse.

Pokana, tchulani zinthu ndi mayina ake. Mkungudza, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, umamera mwachilengedwe paphiri lokhali ndipo watsala pang'ono kutheratu. Palinso nanzikambe wa mtundu umene supezeka kwina kulikonse, komanso mbalame ya Thyolo alethe, imene inatenga dzina ku Thyolo koma nkhalango ya phiri la kumeneko inadulidwa pafupifupi yonse. Ine ndimaona kuti mfundo ya madzi ndiyo imamveka msanga ngakhale kwa munthu amene alibe nazo ntchito mbalame: mtsinje wa Likhubula umamwetsa midzi ya kuno mpaka mzinda wa Blantyre, ndipo amene tinaona napolo wa mu 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, tikudziwa chimene phiri lopanda mitengo limachita. Onjezerani kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. A Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe losamalira chilengedwe cha phirili, angakuthandizeni ndi umboni wa akatswiri.

Achinyamata ena adzanena kuti hotelayo ibweretsa ntchito, ndipo musawanyoze, chifukwa ulova ndi weniweni. Funsani womangayo kuti alembe chiwerengero cha anthu a m'deralo amene adzalembedwe ntchito yokhazikika, ndiponso afotokoze chifukwa chimene sangamangire pamalo ena opanda nkhalango.

Zikakanika, perekani chikalata cha madandaulo kukhonsolo, kwa khansala ndi kwa phungu wanu. Ngati mwaganiza zochita zionetsero, dziwitsani bwanamkubwa mwa kalata kutatsala maola osachepera 48, ndipo musaononge katundu wa munthu. Funani loya woti akapemphe chiletso kukhoti mtengo woyamba usanagwe.