Kupeza nambala yobisika: malangizo kwa oyamba kuphunzira algebra

Ophunzira ambiri amachita mantha akaona chilembo x pakati pa manambala, pomwe chilembocho chimangoimira nambala imene sitinaidziwe, ndipo ntchito yonse ndi kuipeza. Langizo langa lalikulu kwa ophunzira ndi aphunzitsi ndi lakuti chizindikiro cha = azichiona ngati sikelo ya mbale ziwiri zolemera mofanana. Katswiri wa masamu Robert Recorde, amene anachiyambitsa m'chaka cha 1557, anasankha mizere iwiri yolingana pofuna kusonyeza kuti za kumanzere ndi za kumanja n'zofanana ndendende.

Titenge samu iyi: 3x + 5 = 26. Nambala yobisikayi inachulukitsidwa ndi 3, kenaka inawonjezeredwa 5, choncho kuti tiipeze tiyenera kubwerera m'mbuyo, kuyambira chimene chinachitika pomaliza. Chotsani 5 kumanzere, ndipo kuti sikelo isapendekeke, chotsaninso 5 kumanja; patsala 3x = 21. Tsopano gawani mbali zonse ziwiri ndi 3, ndipo mupeza kuti x = 7.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chomwe ndi kuloweza pamtima mawu akuti nambala ikawoloka kupita mbali ina ya = imasintha chizindikiro. Mawuwa amathandiza pophatikiza ndi pochotsera, koma mwana amene anangowaloweza osamvetsa chifukwa chake, akafika pa 3x = 21 amawolotsa 3 uja n'kulemba 21 − 3, kapena kugawa 21 ndi −3, ndipo yankho limasokonekera pomwepo. Palibe nambala imene imawoloka yokha. Ife ndi amene timachita chinthu chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, ndipo ndi bwino kuti m'masabata oyambirira wophunzira azilemba sitepe iliyonse pamzere wake, ngakhale zioneke zochedwetsa. Dzina lakuti algebra lomwe limanena zomwezi, pakuti linachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa, limene katswiri wa masamu al-Khwarizmi wa ku Baghdad analigwiritsa ntchito cha m'ma 820.

Chenjeraninso ndi chizindikiro chochotsera. Mu 7 − 2x = 13, mukachotsa 7 mbali zonse ziwiri patsala −2x = 6, osati 2x = 6, chifukwa chizindikirocho ndi cha 2x ndipo sichichoka pamodzi ndi 7. Mukagawa ndi −2, yankho ndi x = −3.

Musatseke kope musanayese yankho lanu. Libwezereni pamalo pa x m'samu yoyambirira: −2 kuchulukitsa ndi −3 ndi 6, ndipo 7 kuphatikiza 6 ndi 13, monga momwe zilili kumanja. Mbali ziwirizo zikasiyana, yendani mzere ndi mzere kuchokera pamwamba mpaka mutapeza pamene munachita kanthu mbali imodzi n'kuiwala inayo.