Momwe mungapangire maduku okongola a odwala khansa kuno ku Chigwa cha Shire

Mayi wa ku Ngabu kapena ku Bangula akayamba kulandira mankhwala a khansa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, tsitsi limatha kuyamba kuthothoka pakangotha sabata ziwiri kapena zitatu. Si mankhwala onse amene amatero, ndipo tsitsilo limameranso akamaliza kulandira, koma miyezi ya pakatiyi imatalika. Akatsika Thabwa kubwerera kumudzi, mutu wopanda tsitsi umakumana ndi dzuwa lathu la kuno, komanso maso a anthu pamjigo. Duku labwino limateteza ku zonse ziwiri. Ngati ndinu wojambula, telala kapena wonyika nsalu, nayi njira yogwirira ntchitoyi pamodzi.

Choyamba, sonkhanani anthu ochepa: wolemba zikwangwani wa pa Dyeratu kapena pa Nchalo, mayi wodziwa tayi endi dayi (kumanga nsalu n'kuinyika mu utoto), ndi telala wa pakhonde. Koma mawu oyamba ndi a wovala. Musakagogode pakhomo pa munthu chifukwa mwamva kuti akudwala. Pitani kwa anamwino pa chipatala cha Chikwawa kapena cha Nsanje, afunse okha amene angakonde kukhala nanu. Akabwera, musayambe ndi kuwaonetsa luso lanu. Funsani: "Amayi, mumakonda mtundu wanji? Mfundo mumamangira kumbuyo kapena pambali?" Ena safuna n'kumanga komwe chifukwa mkono ukupweteka atachitidwa opaleshoni ya bere. Otere amafuna duku losokeratu, longovala ngati chipewa.

Kenako nsalu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Gulani ya thonje, yopyapyala. Zija zonyezimira za pakaunjika zimakopa maso, koma pamutu wopanda tsitsi zimaterereka, zimasunga thukuta, ndipo pofika masana khungu layamba kuyabwa. Thonje si lachilendo kwa ife. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo, ndipo mpaka lero chigwa chino ndi kwawo kwa mbewuyi. Mukasankha chitenje chatsopano, chichapeni mobwereza mpaka kuuma kwake kwa m'sitolo kuthe. Chiyeseni patsaya panu. Chikakanda tsaya, pamutu sichiyenera. Dulani nsalu yofanana mbali zonse, masentimita 90 kapena mita imodzi, kuti ikapindidwa iphimbe mpaka kunkhongo. Chitenje chimodzi cha mayadi awiri chimatulutsa maduku awiri a masentimita 90.

Pojambula, yambirani papepala la kukula komweko, lizizungulira pagulu: wina aike mzere wa m'mphepete, wina maluwa, wovala anene chochotsa. Mukatha, lipindeni ngodya ndi ngodya, muliike pamutu pa mmodzi wa inu. Mudzaona kuti chithunzi chachikulu cha pakati chimasochera m'mapindo, ndipo chooneka ndi cha pamphumi ndi nsonga ya kumbuyo. Luso lanu lipite pamenepo. Zojambula zili ponseponse kwathu kuno: migwalangwa, milambe, mafunde a Shire, thonje lophulika m'munda, mabwato a asodzi. Duwa la nyika, chomera cha m'madzi chomwe mizu yake imadyedwa chakudya chikasowa, nalo ndi lokongola, ngakhale kwa agogo ambiri a m'mbali mwa dambo nyika imakumbutsa njala, choncho funsani kaye.

Mitundu muisamale. Wakuda wokhawokha umaoneka ngati wa namfedwa. Woyera wokhawokha ndi wa amayi a Mvano popita ku mapemphero. Wachikasu, wabuluu kapena wofiira ukakhala wokha, pamsika wina afunsa za chipani, ndiye muzisakaniza. Ndipo ine ndinene poyera: mawu oti khansa, kaliboni ka pinki kapena dzina la gulu lanu, zisapezeke pa duku pokhapokha mwiniwake atapempha. Kaliboniko n'koyenera pa ndawala ya Okutobala, mwezi wokumbukira khansa ya m'mawere. Mayi wopita kuchigayo sanapemphe kukhala chikwangwani.

Posindikiza, semani chidindo pa mbatata kapena chinangwa, kapena boolani chithunzi pa pulasitiki wolimba n'kupaka ndi siponji. Penti akhale wa nsalu, osati wotsala popaka sitolo. Pakani pang'ono, chifukwa wochuluka amaumitsa nsalu. Yanikani pamthunzi, ikauma muisite kumbuyo ndi simbi yotentha kuti penti agwire. Onyika nsalu avale magolovesi, atsate muyezo wolembedwa pa paketi, ndipo atsukuluze mpaka madzi ayere. Kuti mutsimikize, tikitani ndi kansalu koyera konyowa. Kakatenga mtundu, bwererani kubeseni, poti utoto wosuluka ndi thukuta umathera pakhungu lomwe mankhwala alifooketsa kale. Madzi a utoto musatayire mumtsinje kapena pafupi ndi mjigo.

Telala apinde mpendero waung'ono, wosalala. Mikanda, mabatani ndi zipi zisakhale mbali yokhudza mutu. Kachipewa ka m'kati kosokedwa ndi nsalu ya tisheti ya thonje kamathandiza kuti duku lisamasunthe. Abambo ndi ana nawonso amathothoka tsitsi, ndiye nsalu yomweyo isokedwenso zipewa zokhala ndi mlomo wotchinga dzuwa.

Popereka, aliyense alandire awiri kapena atatu, kuti lina likachapidwa lina likhale pamutu. Muwachape ndi sopo wopanda fungo lamphamvu, chifukwa olandira mankhwalawa sachedwa kuchita nseru ndi fungo. Perekani kudzera kwa namwino kapena wachibale, mwakachetechete. Zithunzi za pa Facebook jambulani maduku, osati nkhope, kupatula ngati mwini wavomera ndi pakamwa pake.

Chomaliza, sindikizani ochuluka kuposa ofunika kuchipatala, otsalawo mukagulitse tsiku la msika pa Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Maduku omwewo akavalidwa ndi ogulitsa nsomba, aphunzitsi ndi atsikana a kwaya, palibe angaloze wodwala poona cha pamutu. Ndalama zake mugawe pawiri: zina zogulira nsalu ndi penti, zina zothandizira thiransipoti ya ku Blantyre, poti mankhwalawa amalandiridwa maulendo angapo motalikirana masabata, ndipo ulendo uliwonse wodwala amafuna womuperekeza. Mukafuna tsiku loyambira malondawa, pa 4 Febuluwale ndi tsiku lokumbukira khansa pa dziko lonse, koma ndi nthawi ya mvula, choncho nsalu zonyika muyanikiretu.